Tulo Tikacepa, Nkhawa Ikakula, Dzanja Limathamangira ku Mbale

Pali njala ziwiri zimene ife anthu a m'midzi ndi m'makomboni timazidziwa. Yoyamba ndi ya m'mimba, ija imabwera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka ndipo cimanga cikali cosakhwima kumunda. Njala imeneyi mankhwala ake ndi cakudya basi, ndipo palibe uphungu umene ungalowe m'malo mwa ufa. Yaciwiri ndi ya munthu amene wadya nsima pa 19 koloko, wakhuta bwino, koma pofika 23 koloko ali maso gwa, akubvundukula mphika kufuna cimbala, kapena akuthira shuga wacitatu mu tiyi. M'mimba muli cakudya, koma mtima sunakhazikike.

Lero tikambirane za njala yaciwiriyi. Ambiri timaiyesa dyera kapena kusadziletsa, ndipo timanyozana nayo m'mabanja. Koma madotolo apeza kuti imayendera pamodzi ndi zinthu zitatu: tulo, nthawi imene thupi limasunga, ndi nkhawa. Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Zambia cifukwa kafukufuku wa STEPS, amene unduna wa zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO, anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai alionse ndi wonenepa kupyola muyeso, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa asanu magazi ake amathamanga kwambiri. Kale tinali kunena kuti kunenepa ndi kupeza bwino. Lero tikuona kuti shuga, BP ndi sitiroko zafika ndi kumudzi komwe.

Nkoloko imene tinabadwa nayo

Mlimi aliyense adziwa kuti tambala sasowa womudzutsa, ndipo nkhuku zimalowa zokha m'khola dzuwa likapendeka. Ifenso tili ndi nkoloko yathu m'thupi. Pakati pa ubongo, pamwamba pang'ono pa malo amene mitsempha ya maso imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupi-fupi 20,000 kamene kamawerenga maola 24 a tsiku. Kaguluka kamamva uthenga wocokera kumaso. Kuwala kukafika, kamauza thupi kuti kwaca. Mdima ukagwa, kamalola ubongo kutulutsa homoni yochedwa melatonin, imene imakonzekeretsa thupi kugona.

Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, a Jeffrey Hall, a Michael Rosbash ndi a Michael Young, analandira mphotho ya Nobel cifukwa cofotokoza m'mene nkoloko imeneyi imayendera. Iwo anaphunzira izi pa tinchenche tating'ono tija timaunjikana pa zipatso zakupsa, ndipo zinadziwika kuti anthu, nyama ndi zomera zili ndi dongosolo lofanana. Ciwindi, matumbo ndi kapamba nazonso zimasunga nthawi, ndipo izi zimatsatira kwambiri nthawi imene timadya.

Njala nayo ili ndi maola ake. Mu 2013 ofufuza a ku Boston anasunga anthu 12 m'zipinda zopanda mawindo kwa masiku 13, nawasinthira nthawi yogona ndi yodya. Anapeza kuti cilakolako ca cakudya cimatsika ca m'ma 08 koloko m'mawa ndipo cimakwera ca m'ma 20 koloko madzulo, maka-maka ca zotsekemera, zamcere ndi zaufa. Bvuto ndi lakuti madzulo ndi usiku thupi silicotsa shuga m'magazi mwamsanga monga limacitira m'mawa. Conco munthu wocezera usiku amakhala maso pa nthawi imene pakamwa pakufuna zambiri koma thupi silinakonzeke kuzilandira.

Zimene kusagona kumacita pa njala

Pali mahomoni awiri amene tiyenera kuwadziwa maina. Leptin, imene a Jeffrey Friedman ndi anzao anaitulukira mu 1994 ku New York, imacokera m'mafuta a m'thupi ndipo imauza ubongo kuti nkhokwe ya thupi ili bwino. Ghrelin, imene akatswiri a ku Japan anaitulukira mu 1999, imacokera m'cifu ndipo nchito yake ndi kuitana njala.

Mu 2004 pa yunivesite ya Chicago, gulu la mai Eve Van Cauter linatenga anyamata 12 athanzi. Masiku awiri anawagoneka maola 4 okha, masiku ena awiri anawapatsa maola 10. Atagona pang'ono, leptin inatsika ndi 18 peresenti, ghrelin inakwera ndi 28 peresenti, ndipo njala imene anali kumva inakwera ndi 24 peresenti. Cimene anali kulakalaka si ndiwo zamasamba ai, koma maswiti, makeke ndi zakudya zina zaufa ndi zamcere.

Ofufuza ena amene anabwera pambuyo pake sanapeze kusintha kofanana kwa mahomoni nthawi zonse. Koma cinthu cimodzi cakhala cikubwereza-bwereza: wogona pang'ono amadya zambiri. Akatswiri a King's College ku London ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyana-siyana, anapeza kuti munthu akamanidwa tulo amaonjezera makalori 385 pa tsiku lotsatira. Kuti timve bwino, supuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalori pafupi-fupi 16. Ndiye kuti cakudya coonjezeraco cili ngati masupuni 24 a shuga, pamene mphamvu imene thupi lagwiritsa nchito sinasinthe kweni-kweni.

Nkhani yolimbikitsa inacokeranso ku Chicago mu 2022. Dotolo Esra Tasali anatenga anthu 80 onenepa amene anali kugona maola osakwana 6 ndi theka. Theka la iwo analangizidwa za kagonedwe cabe, osawauza ciliconse ca zakudya. Anthuwa anayamba kugona nthawi yoposa ola limodzi pamwamba pa zimene anazolowera, ndipo zimene anali kudya zinatsika ndi makalori pafupi-fupi 270 pa tsiku poyerekeza ndi anzao aja. Palibe anawalanda mbale, anangogona.

Nkhawa ilowa pati?

Munthu akada nkhawa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa homoni yochedwa cortisol. Mwacibadwa cortisol imakwera m'mawa kuti itidzutse, nkutsika usiku kuti tigone. Koma maganizo a nkhongole, a fizi ya ana kapena a wodwala ali pamphasa amaciititsa thupi kukhala cilili ngati la munthu amene wamva phazi kuseri kwa khola. Wotere tulo sabwera nato msanga, ndipo akagona amadzidzimuka pakati pa usiku.

Kusagonako nakonso kumakuza nkhawa. Mu 2007 a Matthew Walker ndi anzao anaonetsa zithunzi zoopsa kwa anthu amene anakhala maso maola pafupi-fupi 35. Mbali ya ubongo yocenjeza za ngozi, yochedwa amygdala, inalilima ndi 60 peresenti kuposa ya anthu amene anagona bwino, ndipo mbali ya kutsogolo, ija imatiuza kuti "dekha, taganiza coyamba," inafooka kugwirizana nayo. Ndiye cifukwa cake tikacezera usiku, kanthu kakang'ono kamatipsetsa mtima, ndipo bvuto la dzulo limaoneka ngati phiri.

Apa ndi pamene cakudya cimalowerera. Zotsekemera ndi zamafuta zimapatsa ubongo kampumulo ka mphindi zocepa. Ubongo umakumbukira, ndipo mawa mtima ukawawanso umatituma ku vitumbuwa, mabanzi, mabisiketi kapena cakumwa ca m'botolo. Mu 2001 mai Elissa Epel anayesa azimai 59 powapatsa nchito zopanikiza maganizo. Aja amene cortisol yao inakwera kwambiri ndiwo anadya zambiri pambuyo pake, maka-maka zotsekemera.

Taonani tsono m'mene msampha umakhalira. Nkhawa ilanda tulo. Kusowa tulo kukuza njala ndi kufooketsa kudziletsa. Munthu adya usiku, m'mimba mulemera, cifuwa ciocha, tulo tisokonekeranso. Kukaca adzuka wotopa, safuna phala, amwa tiyi wa shuga wambiri, ndipo adziimba mlandu cifukwa ca zimene anadya. Mlanduwo uonjezera pa nkhawa ya dzulo. Dotolo wina wa ku America, a Albert Stunkard, analemba za odwala otere kale mu 1955: m'mawa alibe njala, madzulo adya kwambiri, usiku asowa tulo.

Ku Finland ofufuza anatsatira anthu akulu-akulu kwa zaka 7, nalengeza zotsatira mu 2019. Pakati pa anthu amene amadya akakhumudwa, amene anali kugona maola 7 kapena ocepera ndiwo ananenepa kwambiri, pamene ogona nthawi yaitali sanaonetse zimenezi. Cizolowezi ndi cimodzi, koma tulo ndito tinasiyanitsa.

Tinenenso kuti si onse amene amadya akada nkhawa. Ena cakudya cimawakanira pakhosi, naonda mwamsanga. Nawonso afunika kuwayang'anira, cifukwa gwero lake ndi lomwelo.

Kodi izi ndi za anthu a m'tauni okha?

Wina anganene kuti mlimi amagona ndi nkhuku nkudzuka ndi tambala, ndiye nkhaniyi siimukhudza. Tiyeni tione kwa anansi athu. Mu 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wocitika ku Mozambique, m'tauni ya Milange pamalire ndi Malawi, ndi m'mudzi wa Tengua pafupi pomwepo. Anthu a m'tauni, kumene kuli malaiti, anali kugona mocedwa ndi ola limodzi, koma anali kudzukanso mocedwa, conco maola a tulo anali ofanana. Codabwitsa ndi cakuti a kumudzi ndiwo anali kugona tulo todukiza-dukiza. Ofufuzawo anaona kuti izi zinali kugwirizana ndi nchito yolemetsa ya masana, pogona pouma ndi kuculukana m'cipinda cimodzi. Kugona msanga sikutanthauza kugona bwino.

Ganizirani zimene zimatidzutsa kumudzi. Pali udzudzu, mwana wodwala malungo, kulonda ng'ombe kuopa akuba, kusonkhezera moto m'cigafa ca fodya, ndi kucezera pamaliro masiku awiri kapena atatu. M'zigwa monga ca Luangwa, alimi amagona kumunda kupirikitsa njobvu. Tsopano kwabweranso sola ndi foni, ndipo acinyamata ndi akulu omwe amafika pakati pa usiku ali pa Facebook ndi WhatsApp, pamene khasu likuwayembekeza pa 05 koloko.

Pa nkhawa ndiye sitisowa cotiuza. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga anapserera. Madzi atatsika ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, kotero kuti a zigayo, owocherera zitsulo ndi azimai ophika zogulitsa anali kudzuka pakati pa usiku kuti agwire nchito magetsi akabwera. Caka cimeneco cinasokoneza nkhokwe, matumba ndi tulo pa nthawi imodzi. Ngakhale caka ca mvula yabwino, mlimi amagona akuwerengera: fataleza ifika liti, mtengo wa thumba udzakhala bwanji, ndalama za mbeu zimene anagulitsa zituluka liti.

Tisaiwale abale athu ogwira nchito usiku: alonda, anamwino, apolisi, a m'migodi ndi oyendetsa mathiraki pa mseu wa Great East. Iwowa amadya pa nthawi imene thupi likuti ndi yogona, ndipo amagona pamene dzuwa likuti dzukani.

Anthu sitifanananso pa nkoloko. Ena ndi olawirira mwacibadwa, ena mutu wao umatseguka madzulo. Acinyamata a zaka 13 mpaka 18 nkoloko yao imacedwerako, ndipo afunika maola 8 mpaka 10. Si ulesi nthawi zonse mwana wa sekondale akabvutika kudzuka. Koma wocedwa kugona amene belu la sukulu kapena munda umamudzutsa mbandakuca ndiye amaluza tulo tsiku ndi tsiku. Munthu wamkulu afunika maola 7 kapena kuposerapo.

Tingasiyanitse bwanji njala ziwirizi?

Njala yeni-yeni imabwera pang'ono-pang'ono, patapita maola kucokera pamene tinadya. Siisankha, nsima ya nyemba kapena kandolo wophika zimaithetsa, ndipo tikakhuta timasamba m'manja. Njala ya mtima imabwera mwadzidzidzi, kawiri-kawiri pambuyo pa mkangano, uthenga woipa kapena kusungulumwa. Imafuna cinthu cimodzi cokha, cotsekemera kapena cokazinga, ndipo ngakhale mimba idzale siinena kuti zikomo. Ikapita imasiya manyazi.

Tisanatambasule dzanja, tidzifunse mafunso atatu. Ndinadya nthawi yanji? Dzulo ndinagona maola angati? Nanga cimene cikundiwawa mumtima ndi ciani? Nthawi zambiri yankho la funso laciwiri ndi lacitatu limaulula zonse.

Zimene tingacite osaononga ngwee

Coyamba, tisunge nthawi imodzi yodzukira, ngakhale Loweruka ndi pa Sondo. Tikadzuka tituluke panja, cifukwa kuwala kwa m'mawa ndiko kumakonza nkoloko ya m'thupi. Pa ici alimi tili ndi mwai kuposa a m'maofesi.

Caciwiri, tisaunjike cakudya conse usiku. Ambiri timapita kumunda m'mimba muli gwa, masana tidya mango kapena nzimbe, ndiye usiku tilipsira nsima ya anthu awiri. Phala la nshawa m'mawa, kapena kandolo ndi thobwa, limacepetsa ukali wa njala ya madzulo. Ngati nkotheka, nsima ya usiku idyedwe maola awiri kapena atatu tisanagone.

Cacitatu, tiyi, khofi ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, ndipo theka lake limakhalabe m'magazi patapita maola pafupi-fupi 5. Kapu ya pa 18 koloko ikali kugwira nchito pa 23 koloko. Mowa nawo ndi bwenzi lacinyengo. Kacasu kapena cibuku cimagwetsa munthu msanga, koma cimadula-dula tulo ca kum'mawa, ndipo nkhawa imadzuka ili yokulirapo.

Cacinai, foni igone patali ndi mphasa, ndipo tiileke ola limodzi tisanagone. Si kuwala kwake kokha kumene kumabvuta, komanso nkhani zimene timawerengamo. Neti ya udzudzu nayo tiikunge. Imateteza ku malungo ndi kupulumutsa tulo.

Cacisanu, nkhawa tiipatse nthawi yake dzuwa likali kuwala. Bambo ndi mai akhale pansi madzulo, alembe m'kope nkhongole zonse, zimene zingalipidwe mwezi uno ndi zimene ziyembekeze. Nkhani za ndalama zisayambike pamtsamiro. Tikagona nkuona kuti tulo takana, ndi bwino kudzuka, kukhala pampando mu mdima kapena kuwala kocepa, kupuma mozama pang'ono-pang'ono, nkubwerera pogona maso akalemera.

Cacisanu ndi cimodzi, cilakolako cikafika timwe madzi, tidikire mphindi 15, ticite kanthu ndi manja monga kutongola cimanga kapena kusenda nshawa. Ngati njala ikalipo, tidye pang'ono nthoci, nshawa zokazinga kapena ciwaya, titakhala pansi, osati cobisala. Ndipo tisadzilange ndi kusala cakudya tsiku lotsatira, pakuti kudzimana kotere ndiko kumabweretsa kudya kopyola muyeso usiku wina.

Ogwira nchito usiku adye cakudya ceni-ceni asanapite ku nchito, pakati pa usiku adye zopepuka, ndipo masana agone m'cipinda cotseka makatani. Apabanja awathandize poletsa ana phokoso.

Mbali ya mpingo ndi mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Ku Zimbabwe dotolo wa matenda a maganizo, a Dixon Chibanda, anayambitsa nchito ya Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi kiliniki kumvetsera anthu obvutika ndi kuganiza kwambiri. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2016 zinaonetsa kuti amene anaceza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira cithandizo ca masiku onse. Ife tili kale ndi mabenchi otere: miphakati, zigwirizano za azimai, makwaya, makopaletivu ndi magulu osunga ndalama. Cofunika ndi khutu lomva ndi pakamwa posunga cinsinsi.

Pamaliro tigawane maola, kuti anthu omwewo asacezere masiku onse. Tiyang'anire kwambiri amasiye pambuyo pa maliro, anthu onse atabalalika, pakuti ndi pamene usiku umatalika. Azimai osamalira odwala kunyumba tiwalandireko usiku umodzi pa sabata kuti agone. Okonza mapemphero ocezera akumbukire okalamba, odwala shuga ndi BP, ndi ana a sukulu. M'nyumba tileke mau onga akuti "ndiwe wadyera" kapena "taona m'mene wafufumira". Mau otere amaonjezera cisoni cimene cikumudyetsa munthuyo. Kuli bwino kufunsa kuti, "Amake mwana, masiku ano simugona bwino, cabvuta ndi ciani?"

Nthawi yopita ku cipatala

Pali zizindikiro zimene sitiyenera kuzengereza nazo. Njala yosatha pamodzi ndi ludzu lalikulu, kukodza kawiri-kawiri usiku ndi kuonda zingakhale matenda a shuga, kapimitseni magazi. Kuliza mkonono kwambiri, kubanika kutulo ndi kuodzera masana zingatanthauze kuti mpweya umatsekeka usiku, ndipo bvutoli limayendera pamodzi ndi BP. Kusowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, cisoni cosacoka kwa masabata awiri, kudya mosatha kuleka kenaka nkudzisanzitsa, zonsezi ndi zofunika dotolo. Munthu akayamba kunena zodzipha, tisamusiye yekha, timuperekeze ku cipatala tsiku lomwelo.

Yambirani pa kiliniki ya kwanu, ndipo iwo adzakutumizani ku cipatala cacikulu ngati nkofunika, kaya ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete kapena ku Chainama mu Lusaka. Kupempha thandizo pa za maganizo si misala ai. Ngati mankhwala amene mumamwa masiku onse akukusowetsani tulo kapena kukuonjezerani njala, musawaleke nokha; kafotokozeni kumene mumawalandira. Ndipo tisagule mapilisi ogonetsa pa kantemba kapena kupempha kwa mnansi.

Abale ndi alongo, mlimi wanzeru salimitsa ng'ombe usana ndi usiku, cifukwa adziwa kuti mawa idzagwa m'mzere. Thupi lathu nalo ndi cimodzi-modzi. Sabata ino tiyese cinthu cimodzi cokha: tilowe m'nyumba ola limodzi msanga kuposa masiku onse, foni ili patali, nkhani za nkhongole titazikamba kale kukali kowala. Pakatha masabata awiri tione ngati dzanja likali kuthamangira ku mbale monga kale, ndipo zimene tapeza tikauzeko anzathu ku mphakati ndi ku kopaletivu.